Njinga Imene Anati Yafa

Kalata inamupeza Mirriam Kasiya Lachiwiri m'mawa, ali m'kaofesi ka bungwe la alimi a ziweto pa Malomo, akusanja mabotolo a katemera wa chitopa m'firiji. Anabwera nayo ndi kondakitala wa minibasi yochokera ku boma la Ntchisi. Mirriam anaiwerenga ali chiimire, kenako anakoka mpando n'kuiwerenganso.

Kalatayo inkanena kuti injini ya njinga yamoto imene bungwe linamupatsa yafa chifukwa cha kusasamala kwake. Makaniko wa bungwe, a Timothy, anayeza mphamvu imene injini imapanikizira mpweya, ija amakaniko amati kompuleshoni, n'kupeza kuti yatsika kufika pa 70. Malinga ndi kalatayo, izi zinkasonyeza kuti woyendetsa ankayenda popanda oyilo. Kuyambira mwezi wotsatira, Mirriam asiye kuyendera midzi, akakhale pa kauntala ku boma azikagulitsa mankhwala a nkhupakupa. Lachinayi akaonekere ku ofesi yaikulu kukasaina kuti wavomera kulakwa kwake. M'munsi munali dzina la a Dave, oyang'anira magalimoto ndi njinga za bungwelo.

Mirriam anali mlangizi wa ziweto. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri anali akuzungulira midzi ya m'zitunda za kuseri kwa Malomo, kubaya ng'ombe, kufula mbuzi, kutemera nkhuku. Njinga yake inali yakale, yamatayala a mano, ya mtundu uja umadya petulo pamodzi ndi oyilo n'kumasiya utsi wabuluu m'mbuyo. Anaipeza itatopetsedwa kale ndi alangizi awiri aamuna. Tsiku lomupatsa makiyi, a Dave ananena anthu onse akumva kuti njinga zotere sizikhalitsa m'manja mwa akazi, chifukwa akazi amaiwala oyilo. Anthu anaseka. Kuyambira tsiku limenelo, kathanki ka oyilo ka njingayo sikanatsikepo kufika pakati.

Zoti njinga inkadwala zinali zoona. Kuyambira mu Juni inayamba ulesi. Pamalo athyathyathya inkayenda ndithu, koma ikangoona chitunda inkalira mobanika ngati munthu wa chifuwa. Sabata yapitayo inalephereratu kukwera chitunda cha kuseri kwa sukulu ina ya pulaimale, ndipo Mirriam anaikankha makilomita anayi, bokosi la katemera lili kumsana. Iye yemwe ndiye anaimba foni ku boma kupempha makaniko. A Timothy anabwera Lachisanu, sanakhale ngakhale mphindi khumi, analemba kanthu pakapepala, n'kunena kuti njinga itsekeredwe m'chipinda cha katundu mpaka galimoto idzabwere kudzaitenga. Munthu asaikhudze.

Mirriam anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la ovolosi. Kiyi wa chipinda cha katundu ankasunga ndi iye. Anatsegula, anaitulutsa njingayo, n'kuyamba kuikankha kulowera kumsika.

Inali nthawi ya chakumasana, mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi ndi mapepala mumsewu. Akabaza amene ankadikira anthu pansi pa mtengo anamuona akubwera.

"Alangizi, tamva kuti mwaipha," anatero mmodzi wa iwo, dzina lake Trust. "Musavutike, tizikunyamulani ife."

Apa m'pamene Mirriam anadziwa kuti nkhani inafika pa Malomo kalata isanafike.

"Maliro ake mudzamva kwa ine, osati kwa wina," anayankha osaima.

Kuseri kwa msika kunali sitolo ya zipangizo za njinga ya a Mahamadi. Ogulitsa anali mwana wawo wamkazi, Nuria, mayi wa ana atatu. A Mahamadi eni ake ankakhala pashedi ya malata kumbuyo kwa sitoloyo. Anakonza njinga za alangizi a fodya zaka makumi atatu, mpaka bondo ndi maso zinayamba kuwakana. Mirriam anawapeza atakhala pa thayala lakale, akupukuta kabuleta ndi kansanza.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu, mayi alangizi. Mwabwera ndi mtembo uja tikumvawu?"

"Ndabwera nawo kuti muone ngati ulidi mtembo."

Anawapatsa kalata. A Mahamadi anaitana Nuria kuti awawerengere, ndipo anamvetsera mutu uli pansi mpaka pamapeto.

"Sevente," anatero. "Injini ya sevente imavuta kuti ilire. Iyi imalira?"

"Imalira. Ndikaponda kiki kamodzi, ikakhala yozizira kawiri. Koma chitunda ndiye ayi."

"Munalipo pomwe ankayeza?"

"Ndinalipo."

"Anailiza kaye kuti itenthe?"

"Ayi."

"Anaponda kangati?"

"Katatu."

"Dzanja lawo lamanja linali kuti?"

Mirriam anaganiza pang'ono. "Linali pakhutu. Ankayankhula pafoni za ulendo wa ku Mponela."

A Mahamadi anayang'ana mwana wawo. "Nuria, kanditengere geji ija ili m'chitini cha mabisiketi."

Geji inabwera. Inali ngati wotchi yaikulu ya kasingano kamodzi, yolumikizidwa ku kapaipi ka labala, ndipo kumapeto kwa kapaipiko kunali kachitsulo ka mazinga ofanana ndi a pulagi. Galasi lake linali ndi mng'alu. A Mahamadi anaiika pabenchi, osampatsa Mirriam m'manja.

"Ine njingayi sindiikhudza," anatero. "Ili ndi eni ake, komanso bondo langa linasiya kalekale kuponda kiki. Muchita nokha, ine ndizingonena. Akadzafunsa kuti anamasula ndani, mudzayankha ndinu."

"N'zimene ndikufuna," anatero Mirriam.

Anailiza njinga, naisiya ikulira mpaka injini inatentha moti sakanaigwira ndi dzanja. Anaizimitsa, anachotsa chipewa cha pulagi, n'kumasula pulagiyo ndi sipanala imene Nuria anamupatsa. Inatuluka yakuda bii, yonyowa. A Mahamadi anaitenga, anaiyandikiza kumaso, anaifikisa ndi chala n'kununkhiza.

"Pulagi ya injini yosowa oyilo imakhala yotuwa, youma ngati phulusa. Iyi yanona. Koma tisafulumire. Ibwezereni m'chipewa chake, muigoneke pachitsulo cha injini kuti moto upeze kolowera. Tsopano mangani geji pamene panali pulagi. Ndi dzanja basi, osati ndi sipanala."

Mirriam anamanga.

"Choyamba muchite ngati mmene anachitira mnzathu uja. Dzanja lamanja m'thumba. Pondani katatu."

Anaponda katatu. Kasingano kananyamuka mwaulesi n'kuima pa 74. Mirriam anakayang'ana. Njira yonse yochokera ku ofesi ankadziuza kuti a Timothy ananama, koma nambala ija inali pamaso pake.

"Tulutsani mpweyawo, dinani kabatani kali m'mbaliko," anatero a Mahamadi, osasintha mawu. "Tsopano gwirani chogwirira cha kumanja, mupotokole moto mpaka pomwe umathera. Musasiye. Pondani ndi mphamvu zonse, ndipo musawerenge. Mudzasiya kasingano kakasiya kukwera."

Mirriam anapotokola, anaimirira pa kiki, n'kuponda. Kasingano kanadumphira pa 90. Anapondanso, 110. Anaponda kachitatu, kachinayi, kachisanu, thukuta likuyenderera m'khosi. Nuria anali atawerama pafupi ndi geji akutchula manambala.

"120. 125. 128. 128. Kaima, bambo."

"Bwerezani."

Anabwereza kawiri. Kanaima pa 126, kenako pa 128.

"Injini imapanikiza mpweya umene yakoka," anatero a Mahamadi. "Mukaitseka pakamwa, ipanikiza chiyani? Yatsopano ya mtundu uwu imafika 140 kapena kupitirira. Yanuyi yakalamba, ndipo dzinja likatha idzafuna maring'i ena a pisitoni. Koma kufa ayi."

Mirriam anakhala pabenchi. Anafuna kuseka, koma mkwiyo sunamulole.

"Musakhale kaye," anatero mkuluyo. "Ku boma akanena kuti geji yanga ndi yokalamba ngati mwini wake. Tione ndi maso. Masulani ekizozi."

Manati awiri ogwira ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija, anali atadyana ndi dzimbiri, ndipo anatenga nthawi. Ekizoziyo itachoka, panatsala bowo kutsogolo kwa injini. Nuria anayatsa tochi ya foni yake, Mirriam n'kugwada pafumbi kusuzumira mkatimo, dzanja limodzi likukankha kiki pang'onopang'ono kuti pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'injini, iziyenda.

"Mukuona chiyani?" anafunsa a Mahamadi.

"Chitsulo chosalala, chonyezimira. Chili ndi mizere iwiri yopingasa."

"Amenewo ndi maring'i. Nanga mizere yotsika, ngati munthu wakanda ndi msomali?"

"Palibe."

"Yang'anitsitsani. Musandiuze zimene mukufuna, mundiuze zimene zilipo."

Mirriam anayang'ana nthawi yaitali, akukweza ndi kutsitsa pisitoni. "Palibe, bambo. Ngakhale umodzi."

"Injini ikayenda popanda oyilo, pisitoni imakhulana ndi khoma lake n'kukandika. Chipseracho sichibisika. Ndiye ya oyilo ija ndi bodza. Tsopano bowolo, ndi lalikulu bwanji?"

"Chala chachikulu chingalowe movutikira. M'mbali monse muli zakuda zolimba."

"Liyenera kulowa zala zitatu. Nyamulani ekizoziyo."

Mirriam anainyamula. Inali yolemera ngati muli mchenga.

"Ndi mwaye umenewo," anatero a Mahamadi. "Njinga yanu imakoka mpweya bwinobwino, koma ikusowa potulutsira utsi. Mayi, oyilo mumathira bwanji?"

"Ndimadzaza kathanki kake Lolemba lililonse."

"Basi?"

Mirriam anazengereza. "Ndikamathira petulo, ndimawonjezeramo zivindikiro ziwiri za oyilo m'thanki yaikulu."

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndinkaopa kuti pampu ya oyilo ingasiye kugwira ntchito ine osadziwa."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chiilandirireni."

A Mahamadi anavula chisoti, anakanda mutu, n'kuchivalanso. "Pampu imapereka kale wokwanira. Wanu wowonjezerayo sankapsa yense. Ankatsalira m'njira, zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye kuti ndinaidwalitsa ndine."

"Munaikhutitsa. Kupha ndi nkhani ina."

Nuria anazimitsa tochi. "Izi zithere pashedi pano, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Kumeneko mukangonena kuti injini ndi yamoyo. Mukawapatsa chala, a Dave aja adzatenga mkono."

Mirriam anapempha chopalira.

Ntchitoyo inadya tsiku lonse. A Mahamadi anamuuza kuti akweze pisitoni itseke bowo kuti zinyalala zisagwere mkati, ndipo Mirriam anapala mwaye ndi kachidutswa ka mphika wakale, kofewa kosakanda injini. Ekizozi anaigoneka pamoto wa zitsononkho kuseri kwa shedi. Inafuka utsi wakuda wonunkha mpaka amayi ogulitsa tomato anabwera kudzadandaula. A Mahamadi anapita ku mzikiti masana, anabwerako, ekizozi ikufukabe. Itazizira, Mirriam anaigogoda ndi mtengo, ndipo munatuluka zibuma za mwaye ngati makala osweka. Anaziwola n'kuziika m'jumbo.

Dzuwa litapendeka anamanga zonse, anaika pulagi yatsopano, anakhuthula petulo wosakaniza uja n'kuthira wina. Anaponda kiki kamodzi. Kulira kwake kunali kwina, kowongoka, kumene anali atakuiwala. Atapotokola moto kutsogolo kwa sitolo, thayala lakutsogolo linatsala pang'ono kunyamuka. Anadutsa pamtengo wa akabaza paja osayang'ana kumbali.

Lachitatu m'mawa ananyamula bokosi la katemera n'kupita kumidzi iwiri imene anailephera sabata yapita ija. Chitunda cha kuseri kwa sukulu anachikwera pa giya yachitatu. Ali pakati potemera nkhuku za mayi wina dzina lake Lines, akudonthezera katemera m'diso la tambala, foni inalira. Anali a Dave.

"Mayi Kasiya, ndamva kuti mwatulutsa katundu wa bungwe popanda chilolezo."

"Mwamva zoona."

"Mukudziwa kuti umenewo ndi mlandu wina?"

"Ndikudziwa. Ndibwera nayo mawa."

"Galimoto ndi imene idzaitenge."

"Musavutitse galimoto. Ibwera yokha."

Anadula foni n'kupempha mayi Lines kuti amugwirire nkhuku ina.

Lachinayi anafika ku boma itangokwana 9 koloko, fumbi lili tho m'nsidze. Anaimika njinga pansi pa zenera la ofesi ya mkulu wa bungwe, a Elifala, ndipo anaisiya ikulira kanthawi asanaizimitse. Makatani a maofesi awiri anagwedezeka.

A Elifala anali munthu wachikulire, wofatsa, wosakonda phokoso. Muofesi mwawo munali a Dave atakhala ndi fayilo pamiyendo, ndi a Timothy ataima pafupi ndi chitseko. Patebulo panali pepala losaina ndi cholembera. Mirriam anapereka moni kwa onse, anakhala pansi, natulutsa m'chikwama geji ya a Mahamadi, pulagi yakale ndi jumbo ya mwaye. Anaziika pambali pa pepala lija.

"Izi ndi chiyaninso?" anafunsa a Elifala.

"Ndifotokoza, bwana. Koma ndisanatero, ndikupempha kuti a Timothy akayezenso njingayo inu mukuona. Ndi geji yawo, osati iyi."

"Kuyeza kunachitika kale," anatero a Dave. "Lipoti lilipo. Tabwera kudzasaina."

"Lipoti likuti injini yafa. Yakufayo yandibweretsa kuchokera ku Malomo. China mwa ziwirizi chikunama."

A Elifala anayang'ana pazenera, kenako anayang'ana a Timothy. "Katengeni geji yanu."

Onse anatuluka panja. Alembi ndi madalaivala anaima pakhonde. A Timothy anamasula pulagi, anamanga geji, n'kukwera. Mirriam ankangoyang'ana dzanja lawo lamanja. Iwo anamuyang'ana, anayang'ananso chogwirira, ndipo nkhope yawo inasintha ngati munthu amene wakumbukira kuti anasiya chitseko chosatseka. Popanda wowauza anapotokola moto mpaka kumapeto n'kuyamba kuponda. Anaponda kasanu ndi kawiri. Anawerama n'kuwerenga.

"125," anatero.

"Kutanthauza chiyani?" anafunsa a Elifala.

"Kutanthauza kuti ili bwino, bwana. Tsiku lija ndinathamanga. Sindinayeze moyenera."

"Wina wasintha zinthu mkatimu," anatero a Dave. "Yakhala masiku awiri m'manja mwa amakaniko a m'misika."

A Timothy anagwada n'kuyang'ana manati a pamutu pa injini. Anakanda limodzi ndi chikhadabo. "Matope awa ndi a zaka. Sipanala sinadutsepo apa. Amasula ekizozi ndi pulagi basi." Anaimirira, akupukuta manja pa ovolosi. "Komanso, bwana, za oyilo zija sindinalembe ine. Ine ndinalemba nambala yokha."

Anthu a pakhonde anayamba kubwerera m'maofesi mwawo mmodzimmodzi.

Atalowanso, a Elifala anatenga pepala losaina lija n'kuliika m'dirowa. "Chabwino. Kunali kusamvetsetsana. Mayi Kasiya, kalata ija mukang'ambe, mubwerere kumidzi kwanu. Nkhani yatha."

"Sinathe, bwana."

A Elifala anakweza maso.

"Kalata ija ili ndi inzake m'fayilo yanga. Ina inapita kwa akomiti a bungwe. Akabaza a pa Malomo anaimva ine ndisanaiwerenge. Ndikang'amba yangayo, zinazo zitsala zikunena kuti ndinapha njinga. Ndikufuna kalata ina yonena zimene zapezeka."

"Zimenezo tingakambirane."

"Ndipo ilembe zonse." Mirriam anamasula jumbo ija, zibuma za mwaye n'kuonekera. "Njingayi inafooka chifukwa cha ine. Ndinkathira oyilo wambiri kuposa muyezo, m'kathanki kake ndi m'petulo momwe. Mwaye uwu unatseka ekizozi. Chimenecho ndi cholakwa changa. Chilembeni, ndisaina."

A Dave anawongoka pampando. "Mwamva, bwana? Wavomera yekha."

"Ndavomera changa," anatero Mirriam, akuwayang'ana m'maso. "Chanu sindisenza. Munalemba kuti ndinkayenda popanda oyilo. Makaniko sanakuuzeni zimenezo, geji sinakuuzeni, ine simunandifunse. Munazitenga kuti?"

"Ndi zimene zimachitika kawirikawiri."

"Kwa ndani?"

A Dave anatsegula fayilo n'kuyamba kutembenuza mapepala.

"Tsiku londipatsa makiyi munanena pabwalo paja kuti akazi amaiwala oyilo. A Elifala munalipo. Ndathira zivindikiro ziwiri pa ulendo uliwonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri kuti mawu amenewo asadzandipeze. Andipezabe, ndipo mwachita kuwatayipa."

A Elifala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Kalata mudzailandira sabata yamawa," anatero.

"Ndidikira pakhondepo."

"Ndati sabata yamawa, mayi."

"Ndamva, bwana. Yoyamba ija sinatenge sabata kuilemba."

Anatenga geji ndi pulagi, jumbo ya mwaye n'kuisiya patebulo. Anatuluka n'kukhala pabenchi ya alendo, moyang'anizana ndi chitseko cha a Elifala, helemeti ili pamiyendo. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, anthu anatuluka, anabwerera, iye ali pompo. A Elifala anatuluka kamodzi, anamuona, n'kubwerera mkati osafika kumene ankapita.

Cha m'ma 2 koloko mlembi wa ofesiyo, Deborah, anabwera ndi pepala. Mirriam analiwerenga. Linkati oyang'anira, mwa chifundo chawo, aganiza zomukhululukira.

"Abwezereni," anatero. "Sindinapemphe chifundo. Alembe nambala imene a Timothy apeza lero, alembe kuti injini sinasowe oyilo, alembenso za mwaye."

Deborah anayang'ana kuchitseko, kenako ananong'ona. "Achemwali, mukudziwa kuti mudzagwirabe ntchito ndi anthu amenewa?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna zilembedwe."

Pepala lachiwiri linabwera itadutsa 3 koloko. Linali ndi ndime zitatu. Yoyamba inkati injini inayezedwanso n'kupezeka pa 125, ndipo zoti inayenda popanda oyilo sizinali zoona. Yachiwiri inkati kufooka kwa njinga kunabwera chifukwa cha oyilo wopitirira muyezo, ndipo mlangizi walangizidwa. Yachitatu inali chenjezo chifukwa chotulutsa katundu wa bungwe popanda chilolezo. Za kauntala munalibemo. Anasaina anali a Elifala okha.

"Chenjezoli mulilandira?" anafunsa Deborah.

"Ndinaitulutsadi," anatero Mirriam, n'kusaina. Anapempha makope awiri, lina lake, lina la akomiti, ndipo anaimirira pambali mpaka anaona lachitatu likulowa m'fayilo.

Akuvala helemeti, a Timothy anabwera kuchokera ku galaja. Anaima pafupi, akuyang'ana thayala.

"Pepani, mayi," anatero. "Nambala ija ndinalemba ndine."

"Mwakonza lero pamaso pa anthu. Zakwana."

"Anakuonetsani zoyang'ana pisitoni pabowo la ekizozi ndi ndani?"

"A Mahamadi a pa Malomo."

"Akadali moyo madala aja? Ndinaphunzira kumanga tcheni pashedi pawo." Anaseka pang'ono mwamanyazi. "Musakawauze kuti ndinali ine."

"Anamva kale. Nuria anawawerengera dzina lanu."

Mu Novembala bungwe linalandira njinga zitatu zatsopano, zosafuna oyilo wosakaniza. Alangizi aamuna amene anayamba ntchito pambuyo pa Mirriam analandira, iye ayi. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti yake ili bwino, ndipo pali kalata yotsimikiza zimenezo. A Dave ankamupatsa moni wa pakamwa pokha, ndipo mapempho ake a matayala ankakhalitsa patebulo pawo kuposa a ena. Mirriam anayenda ndi njinga yakaleyo dzinja lonse, m'matope a m'zitunda momwe zatsopano zolemera zija zinkatitimira.

Tsiku lina mu Febuluwale, akubisala mvula pakhonde la tchalitchi china, analandira foni ya nambala yachilendo. Anali Kezia, mlangizi watsopano amene bungwe linamutumiza ku Nachisaka, ku Dowa. Anali atangotha miyezi isanu pantchito, ndipo anamupatsa imodzi mwa njinga zakale zimene amuna aja anasiya. Njinga yake inkazima yokha ikatentha, ndipo ku ofesi anali atayamba kale kunena kuti waiononga.

"Deborah ndi amene wandipatsa nambala yanu," anatero Kezia. "Akuti ndikaonekere Lolemba. Ndikanene chiyani?"

"Imalira mukaponda?"

"Imalira."

"Alipo amene waiyeza inu mukuona?"

"Palibe."

"Ndiye palibe chimene akudziwa, ndipo inunso simukudziwa. Mwina mwalakwitsa penapake, mwina ayi. Tikaona." Mvula inkagunda malata moti Mirriam anachita kutseka khutu linalo ndi chala. "Loweruka m'mawa mundidikire kwanuko, ndibwera ndi geji. Mupezeretu sipanala ya pulagi ndi nsapato yolimba. Woponda mukhala inuyo."